Matayala Anayi Amene Andisandutsa Wokonda Chisanu

Anzanga, pali nkhani imene yandidzaza mumtima moti aliyense amene ndakumana naye masiku ano ndikumamuuza, kaya wafunsa kaya sanafunse. Galimoto imayenda pa chipale chofewa! Imayenda bwinobwino, imakhota pamene mwini wake wafuna, imaima pamene mwini wake wafuna, kunja kuli mbee, mizere yonse ya mumsewu itakwiririka. Amene anabadwira m'mayiko ozizira mwina akuti, chachilendo n'chiyani pamenepa? Koma ife amene tinakula tikudziwa fumbi la m'chilimwe ndi matope a m'dzinja basi, zimenezi n'zodabwitsa, ndipo ine ndikadadabwabe mpaka lero.

Ndimakhala ku Sherbrooke, m'chigawo cha Quebec ku Canada. Mzindawu ndi wa zitunda zokhazokha, unamangidwa pamene mtsinje wa Magog umathira mu Saint-François, ndipo kulikonse kumene mungalowere mukwera kapena mutsika. Chipale chofewa chimene chimagwa kuno pa chaka chimaposa mamita awiri. Poyamba ndinkakwera basi, ndipo chikagwa chipale ndinkaona anthu akuyendetsa magalimoto awo ine n'kumangoti, awa mitima yawo ndi ina. Kenako ndinapeza ntchito yoyamba m'bandakucha, mabasi asanayambe kuyenda, nthawi zina magalimoto okokolola chipale asanadutse m'misewu ing'onoing'ono. Panalibenso kuzemba. Galimoto inafunika.

Maganizo anga oyamba anali akwathu. Galimoto ya msewu woipa timaidziwa tonse: Land Cruiser, Hilux, zimene zimakwera Golodi kuchoka pa Chitimba kukafika ku Livingstonia mvula ili mkati. Ndiye ndinati ndipeze pikapu yaitali, ya matayala a mano akuluakulu, nkhani ithe. Ndinakauza bambo ena akwathu amene akhalitsa kuno, aja timawathamangira tonsefe tikasokonezeka. Anandimvetsera mpaka kumapeto, kenako anati, "Achimwene, matope ndi ayezi musaziike m'thumba limodzi. M'matope vuto limakhala kutuluka. Pa ayezi vuto limakhala kuima." Ndinavomera mwaulemu, koma mumtima ndinkakayika. Poterera ndi poterera, ndinkatero, galimoto imene yagonjetsa dothi lakatondo ingalephere bwanji madzi oundana?

Anandikhazika pansi n'kundifotokozera, ndipo apa ndi pamene maso anayamba kutseguka. Galimoto wamba imakoka ndi mawilo awiri, ambiri akutsogolo. Pakati pa mawilo awiriwo pali difu, imene imalola kuti pokhota wilo lakunja lizungulire mwamsanga kuposa lamkati. Nzeru yabwino, koma poterera imasanduka vuto, chifukwa wilo limodzi likapeza poterera limangozungulira pamalo amodzi, linzake lili phee. Pikapu zambiri za 4x4 zimathana ndi zimenezi mwamphamvu: dalaivala amalowetsa yekha, ndipo kutsogolo ndi kumbuyo kumamangidwa pamodzi, kumazungulira mofanana. M'matope n'zabwino zedi. Koma pa phula louma simungayende choncho, chifukwa pokhota zitsulo zimalimbana ndipo zimatha kuwonongeka. Tsono msewu wa m'chisanu uli bwanji? Apa pouma, patsogolo pang'ono chipale, pa mlatho ayezi, kenako pouma kachiwiri, zonsezi m'kilomita imodzi! Mudzalowetsa n'kumachotsa kangati? Ndipo mukachotsa, pikapu yopanda katundu imakhala ikukankha ndi mawilo akumbuyo, kumene n'kopepuka, ndiye kumbuyoko kumayamba kuvina.

Zimene amati AWD n'zina. Mawilo onse anayi amalandira mphamvu popanda dalaivala kugwira kanthu, ndipo pakati pali kachipangizo kamene kamalola kuti kutsogolo ndi kumbuyo kusiyane liwiro pokhota, kwinaku kakutumiza mphamvu kumene kwagwira pansi. Makampani amapanga mosiyana. Honda CR-V nthawi zambiri imakoka ndi kutsogolo, n'kuitana akumbuyo pakafunika. Toyota RAV4 ya mafuta ndi magetsi ilibe n'komwe chitsulo chopita kumbuyo, kumbuyoko anangoikako mota yamagetsi yakeyake. Tangoganizani! Subaru imadyetsa mawilo onse nthawi zonse. Ndipo mbiri ya Subaru inandigwira mtima: antchito a kampani ya magetsi ya Tohoku, kumpoto kwa Japan, ankayendera mawaya m'mapiri a chipale pa majipi ozizira mkati, ndiye anafuna galimoto wamba yotentha bwino koma yokoka ndi mawilo onse. Mu 1972 inatuluka Leone yotereyo. Galimotoyi inabadwa chifukwa cha anthu opita ku ntchito m'chisanu, anthu a mavuto ofanana ndi anga!

Ndinagula Subaru Forester yoyendapo kale. Ndinasankha imeneyi chifukwa mimba yake ili pamwamba ndithu, pafupifupi masentimita 22 kuchoka pansi, ndipo zimenezi n'zofunika kuposa mmene ndinkaganizira. Galimoto yokokolola chipale ikadutsa imasiya kamtumbira kolimba pakhomo panu penipeni, ndipo galimoto yotsika imangokhalapo ndi mimba, mawilo ali m'malere. Bambo aja anandiperekeza kokagula, ndipo chimene anachita ndi kugwada n'kusuzumira pansi ndi tochi. Kuno m'misewu amathira mchere kuti ayezi asungunuke, ndipo mcherewo umadya chitsulo. Galimoto imatha kuwala pamwamba pansi itatha ndi dzimbiri. Mukamagula yakale m'mayiko ano, gwadani, muone pansi, muone mapaipi a mabuleki.

Chipale choyamba chinagwa mu Novembala, galimoto ili pa matayala amene ndinaigulira, aja amati ndi a nyengo zonse. Abale inu! Ndinaima pa maloboti m'munsi mwa chitunda cha msewu wa King, mtima uli phaphapha, manja atanyowa mkati mwa magolovesi. Pambali panga kagalimoto kena kanali kulira, mawilo akutsogolo akungopala chipale osasuntha. Kutayaka kobiriwira ndinaponda moto pang'onopang'ono, ndikudikira kuti nanenso ndiyambe kupala. Ayi ndithu! Inanyamuka. Inangonyamuka basi, mosadandaula, mosagwedezeka, n'kumakwera, n'kumakwera, ine mkati ndikufuula ndekha kuti ee, ee, ikupita! Ndinamva kumsana kuti china chake chikundikankha kwinaku china chikundikoka kutsogolo, zonse pamodzi. Nditafika pamwamba ndinkalakalaka nditatsikanso kuti ndikakwerenso.

Madzulo ake ndinaimbira bambo aja ndili ndi chimwemwe chosaneneka. Ndinawauzanso chikayiko changa china, chimene ndinali nditachisunga. Kuno ku Quebec kuli lamulo, limene linayamba mu 2008, loti galimoto yolembetsedwa m'chigawochi ikhale pa matayala a m'chisanu kuyambira pa 1 Disembala kufika pa 15 Malichi, apo ayi chindapusa cha madola 200 mpaka 300. Ine ndinkaona kuti lamuloli likungolemeretsa ogulitsa matayala. Galimoto yanga yakwera King popanda vuto, matayala ena ndi a chiyani? Ndigula chifukwa cha apolisi, ndinatero, koma kufunika kwake sindikukuona. Iwo sanatsutse. Anangoti, "Achimwene, Lamlungu mamawa mudzanditenge, tikaone malo ena."

Malo ake anali bwalo lalikulu loimikapo magalimoto, lopanda galimoto ngakhale imodzi, lopanda mitengo ya magetsi pakati, chipale chitapondedwa n'kulimba. Anati ndiyende pa liwiro la makilomita 30 pa ola, ndipo tikafika pa mzere wa mulu wina wa chipale umene unali m'mbali ndiponde mabuleki ndi mphamvu zanga zonse. Makilomita 30, liwiro loti wa njinga akhoza kukupitirirani! Ndinaponda. Mayo ine! Buleki inayamba kunjenjemera pansi pa phazi, gu-gu-gu-gu, phokoso likumveka pansi pa galimoto, koma galimotoyo ikungopita. Ikungopita, anzanga, mwakachetechete, mulu uja tinaupitirira, ine phazi lili nganganga, m'mimba mwazizira, dziko likungoyenda pang'onopang'ono pawindo. Inaima ikafuna yokha. Kenako anati ndiyese kukhota. Ndinapotoza chiwongolero kumanzere, mawilo anapotoka, galimoto n'kumapitabe kutsogolo kumene inkaloza poyamba. Chiwongolero chinapepuka m'manja, chinasanduka chinthu chosalumikizika ndi kanthu.

Ndinakhala duu, ndipo iwo anandifunsa funso limodzi: "Galimoto ya mawilo awiri okoka ili ndi mabuleki pa mawilo angati?" Anayi. "Nanga yanuyi?" Anayi. Basi! Poima, galimoto zonse n'zofanana. AWD imathandiza kunyamuka ndi kukwera, koma mukaponda buleki ilibe chimene ingakupatseni, ndipo pokhota imathandiza pang'ono chabe. Kuopsa kwake n'koti imakunamizani. Galimoto wamba ikamapala ponyamuka imakhala ikukuchenjezani kuti lero kukuterera. AWD imanyamuka bwino, inu n'kumati msewu uli bwino, ndipo mumadzadziwa zoona pamene mukufuna kuima. Kunjenjemera kwa buleki kuja ndi ABS, imene imagwira ndi kutaya wilo kambirimbiri pa sekondi kuti lisamangike, ndipo phazi simuchotsa, mumapondabe. Koma ABS nayonso imagwiritsa ntchito zimene tayala laipatsa. Tayala likapanda kugwira, palibe chimene ingachite.

Chinandizunguza mutu kwambiri ndi ichi: galimoto yonseyi, matani amodzi ndi theka, injini, makompyuta, ine ndi ana anga, zonse zimakhudza pansi pa timalo tinayi, kalikonse kukula kwake ngati chikhatho cha munthu wamkulu. Zikhatho zinayi! Palibenso china.

Ndinathamangira ku galaja, ndipo kumeneko makaniko wina wachikulire, wolankhula Chifalansa chofulumira, anandichititsa chinthu chimene ndikufuna nonse mudzachite. Kunja kwa chitseko, pozizira, kunali matayala awiri. Anati ndivule golovesi ndikanikize ndi chala chachikulu. Loyamba, la nyengo zonse, linali gwa, chala osalowa n'pang'ono pomwe. Lachiwiri, ha! Linabonyoka. Linali lofewa, lamoyo, timidadada take tikupindika pansi pa chala, kuzizira komweko, mphepo yomweyo. Ndinakanikizanso, n'kukanikizanso, osakhulupirira. Anati kunja kukazizira kufika pansi pa madigiri 7, mphira wa tayala wamba amayamba kuuma, ndipo mphira wouma sangalowe m'timaenje ta msewu kuti agwire. Madigiri 7 pamwamba pa ziro, osati pansi! Ndiye kuti ngakhale pa phula louma lopanda chipale, tayala la m'chisanu limakhala litayamba kale kugwira ntchito yake. Mphira wake amasakaniza mwina, amathiramo silika wambiri, ndipo amakhalabe wofewa ngakhale kukazizira kwambiri.

Kenako anandionetsa timing'alu. Mdadada uliwonse wa tayalalo unali wochekedwachekedwa timizere tating'ono tokhotakhota, tambirimbiri, tosawerengeka. Anapinda mdadada umodzi ndi chala ndipo timing'aluto tinatseguka, kalikonse kali ndi m'mphepete mwakuthwa. Tayala likamagudubuzika timatseguka choncho n'kumaluma pansi. Ndipo mvetserani ichi, chifukwa ine chinandidabwitsa koposa: tayala la m'chisanu limapangidwa kuti ligwire chipale m'mipata yake dala. Ine ndinkadziwa kuti tayala labwino ndi limene limataya matope. Koma chipale chimamatirana ndi chipale chinzake kuposa mmene chimamatira ku mphira, ndiye tayala limanyamula chipale kuti ligwirire pa chipale. Ndani akanaganiza zimenezo?

Ayezi ali ndi nkhani yakeyake. Chimene chimatereretsa kwenikweni ndi kamadzi kochepa zedi kamene kamakhala pamwamba pake, n'chifukwa chake ayezi wa pafupi ndi ziro amaterera kuposa wa tsiku lozizira koopsa. Inenso ndinkaganiza kuti kukazizira kwambiri ndiye kuopsa kwambiri, koma ayi, tsiku loti lafundako pang'ono ndiye lofunika kusamala. Ku Japan, Bridgestone inatulutsa tayala la Blizzak mu 1988, la mphira wokhala ndi timabowo tosaoneka ndi maso timene timachotsa kamadzi kaja kuti mphira akhudze ayezi weniweni. Nthawi imeneyo mizinda ya kumpoto kwa dzikolo inkavutika ndi fumbi lochokera ku matayala a misomali amene ankakanda phula, ndipo mu 1990 boma linakhazikitsa lamulo lowachepetsa. Koma oyamba pa zonsezi ndi a ku Finland. Fakitale ya mphira ya m'tauni ya Nokia inapanga tayala loyamba la m'chisanu mu 1934, la malole, ndipo mu 1936 inatulutsa la magalimoto ang'onoang'ono lotchedwa Hakkapeliitta, dzina limene likadalipo pa matayala a Nokian mpaka lero. Amakawayesa ku Ivalo, kumpoto kwenikweni kwa dzikolo. Anthu akhala akuganizira za vuto langali kwa zaka 90, ine osadziwa!

Posankha, makaniko uja anandilozera kachizindikiro m'mbali mwa tayala: phiri la nsonga zitatu, mkati mwake muli kanyenyezi ka chipale. Chimenechi ndiye chofunika kuyang'ana. Chinakhazikitsidwa mu 1999, ndipo tayala limachilandira likayesedwa pa chipale n'kupambana tayala loyerekezera ndi 10 pa 100 kapena kuposa. Zilembo za M+S zimene zili pa matayala ambiri musazidalire, zimangonena za maonekedwe a mano, sizinena kuti tayalalo linayesedwa, ndipo ku Quebec sizikwanira pa lamulo. Anga akale aja anali nazo zilembozo, ndipo munamva mmene anachitira pa bwalo paja.

Panali funso la misomali. Matayala ena a m'chisanu amakhomedwa timisomali tachitsulo cholimba timene timakanda ayezi, ndipo kuno amaloledwa kuyambira pa 15 Okutobala kufika pa 1 Meyi. Amene amakhala kumidzi, kumene misewu imakhala ayezi sabata ndi sabata, amawakonda zedi. Koma amasokosa pa phula, ndipo malo ena oimikapo magalimoto apansi pa nyumba sawalola. Ine ulendo wanga wambiri ndi wa mumzinda, ndiye ndinatenga opanda misomali, a Michelin X-Ice. Ndinafunsanso ngati ndingagule awiri okha kuti ndipulumutseko ndalama, ndipo makaniko anapukusa mutu mwamphamvu. Mukaika awiri kutsogolo, kutsogolo kumagwira kumbuyo n'kuterereka, galimoto n'kutembenuka kuyang'ana kumene yachokera. Mukaika kumbuyo kokha, simukhota. Ndipo pa AWD pali chifukwa china: matayala onse anayi ayenera kukhala ofanana mtundu, kukula ndi kutha kwake, chifukwa limodzi likasiyana, zipangizo za pakati zija zimaona ngati wilo likuterereka nthawi zonse, n'kumagwira ntchito mosapuma mpaka kuwonongeka. Anayi, ofanana, basi.

Anandilangizanso kugula malimu achitsulo wamba, akuda, otsika mtengo, oti matayala a m'chisanu azikhala pamenepo mpaka kalekale. Kusintha kumakhala kongomasula manati, ndipo malimu anu okongola amapulumuka ku mchere. Anatinso tayala locheperako m'lifupi limadula chipale chakuya bwino kuposa lotambalala, limene limakonda kuyandama pamwamba. Ichinso chinandidabwitsa, chifukwa maso anga ankati tayala lalikulu ndiye lamphamvu.

Lamlungu lotsatira tinabwerera ku bwalo kuja. Anzanga! Anzanga inu! Ndinamva kusiyana ndisanafike n'komwe. Phokoso linasintha, pansi pakumveka khurr, khurr, chipale chikuphwanyika pansi pa matayala, ndipo chiwongolero chinalemera m'manja, chinayamba kundiuza zimene zikuchitika pansi. Makilomita 30, mulu womwe uja, ndinaponda. Lamba anandigwira pachifuwa! Mutu unapita kutsogolo, botolo la madzi linagubuduka kuchoka pa mpando, gu-gu pang'ono chabe, n'kuima njo. Ndinayang'ana pawindo, mulu uja uli pomwepa, pafupi. Ndinaseka, ndinaomba m'manja, ndinati bambo, tiyeni tibwerezenso! Tinabwereza. Inaimanso. Ndinapotoza chiwongolero kumanzere ndipo mphuno ya galimoto inapita kumanzere, nthawi yomweyo, mwaulemu. Galimoto yomweyo, dalaivala yemweyo, chipale chomwecho, chasintha ndi mphira basi! Bambo aja anali chete pambali akumwetulira, ndipo pamapeto pake anangoti, "Tsopano mwagula galimoto."

Kuyambira tsiku limenelo ndasanduka munthu wina. Kale chipale chikayamba kugwa usiku tulo tinkandithawa. Lero ndimadzuka n'kusuzumira pawindo ndi chimwemwe. Kuyenda m'bandakucha, msewu usanapondedwe ndi wina aliyense, magetsi a galimoto akuwala pa chipale chatsopano, timadontho tikuuluka kubwera pagalasi, mkati muli motentha, pansi pakugwira, ayi, zimenezi n'zokoma! Ndayenda pa msewu waukulu wa nambala 10 kulowera ku phiri la Orford, mitengo yonse itavala zoyera, malole akuwaza chipale chamadzi pagalasi, galimoto ili nji m'njira yake. Chipale chamadzi chija chimene chimaunjikana pakati pa mizere, chimene chimakoka galimoto mukamasintha mbali, matayalawa amangochidula n'kudutsa.

Ndisakunamizeni, ayezi amakhalabe ayezi. Tsiku lina mamawa pa mlatho wina phula linkaoneka lakuda, lonyowa chabe, koma phokoso la matayala linangoti zii mwadzidzidzi ndipo kanyali kachikasu kanayamba kuphethira pa dashibodi. Anali ayezi wosaoneka. Milatho imayamba kuundana msewu usanaundane, chifukwa mphepo yozizira imadutsa pansi ndi pamwamba pomwe. Ndinachotsa phazi pa moto mofatsa, osaponda buleki, chiwongolero chili chowongoka, ndipo ndinamva matayala akugwiranso pang'onopang'ono. Buku la malamulo a pamsewu la ku Britain limachenjeza kuti pa ayezi mtunda woimira ungatalike mpaka kakhumi, ndipo liwiro mukaliwirikiza kawiri mtundawo umawirikiza kanayi. Ndiye ndimasiya mpata waukulu, ndimachita chilichonse mofatsa, ndimayang'ana kumene ndikufuna kupita osati kumene ndikuopa. Chosangalatsa n'choti kufatsako tsopano kumabala zipatso, galimoto imandimvera.

Za ndalama nazo ndinkakayika, ndinkati magulu awiri a matayala ndi kuwononga kawiri. Koma taganizani: a m'chisanu akakhala pa galimoto, enawo akupuma m'nyumba osatha. Gulu lililonse limagwira ntchito gawo la chaka, ndiye limakhalitsa. Ku Ontario, kuyambira mu 2016 makampani a inshuwalansi amayenera kutsitsirako mtengo amene aika matayala a m'chisanu. AWD ndiye imadyadi ndalama: galimoto yake imakwera mtengo, imalemera, imamwa mafuta ochulukirapo, ndipo tayala limodzi likaphulika ena atatha kale pang'ono, nthawi zina mumagula onse anayi. Choncho mukandifunsa ine, wina ali ndi ndalama zokwanira chimodzi chokha, ndinena mosazengereza kuti agule matayala. Kagalimoto kakang'ono kokoka ndi kutsogolo kali pa matayala abwino a m'chisanu kamaima ndi kukhota bwino kuposa chigalimoto cha AWD chili pa matayala a nyengo zonse. Ndimawaona tsiku lililonse anansi anga akutero pa timagalimoto tawo. AWD muiwonjezere ngati mumakhala pa chitunda, kapena kumudzi, kapena mumanyamuka msewu usanakokololedwe. Zikakhala pamodzi ziwirizi, ee, ndiye mumamva zimene ndikumva ine!

Amene mukufuna matayala a kaunjika, aliponso ambiri, koma muziona ziwiri. M'mbali mwa tayala muli manambala anayi kumapeto kwa zilembo za DOT: 3523 ndiye kuti linapangidwa sabata ya 35 ya chaka cha 2023. Mphira akakalamba amauma ngakhale mano alipo. Za manowo, kuno ali ndi kanjira kosangalatsa. Amatenga ndalama yachitsulo ya masenti 25, ija ili ndi chithunzi cha nyama yotchedwa caribou, n'kuilowetsa m'mpata wa tayala mphuno ya nyamayo ili pansi. Nsonga ya mphunoyo ikaoneka, mano atsika pansi pa mamilimita 5 ndipo pa chipale chakuya tayalalo latsala pang'ono kutha ntchito. Ine ndimayenda nayo ndalamayi m'thumba, ndipo ndayesa kale matayala a anzanga onse a kuntchito amene anandilola! Mpweya nawo muziuyesa kawirikawiri, chifukwa kukazizira ndi madigiri 5 kapena 6 umatsika pafupifupi psi imodzi, ndipo kuno usiku umodzi wokha kuzizira kumatha kutsika kwambiri.

Abale a ku Britain, kumene chipale chimabwera mwa apo ndi apo, lamulo silikukakamizani, koma aliponso matayala oyenda chaka chonse okhala ndi kachizindikiro ka phiri kaja, monga Michelin CrossClimate, ndipo kwa inu amenewo akhoza kukwanira. Ife a kuno, matayala enieni a m'chisanu, ndipo nyengo ikafunda tiwachotse, chifukwa pa phula lotentha mphira wofewa uja amatha msanga.

Musadikire chipale choyamba kuti mukalembetse ku galaja. Chikangogwa, mzinda wonse umathamangira komweko ndipo mumadikira masabata. Lembetsani mu Okutobala. Akakuikirani, chipale chikagwa, pezani bwalo lalikulu lopanda magalimoto ndi lopanda mitengo, mutenge munthu wozolowera akhale pambali panu, mumange lamba, muyende makilomita 30 pa ola, kenako pondani buleki ndi mphamvu zanu zonse. Pondani ndithu, musaope kunjenjemera kuja! Mukatero mupotoze chiwongolero, mumve mmene chikulemerera m'manja, ndipo mukabwerako mudzandiuze.